"Used to", "would", "can" ndi "could": pomwe Chinyanja chimabisala m'Chizungu chathu

Kuno ku Chipata munthu akhoza kukamba Chizungu tsiku lonse, kubanki, kutchalitchi, pa WhatsApp, anthu nkumamumva bwinobwino, koma mpatseni pepala la mayeso kapena muuzeni alembe kalata yofunsira ntchito nde muone pomwe apunthwe. Ndipo malo ake amakhala omwewo omwewo, pofotokoza zomwe ankachita kale ndi pofotokoza zomwe amatha kuchita. "I was going to school in Katete", "I use to help my mother", "I can be able to work under pressure", tonse tinazimvapo izi, ndipo mpaka lero zikulembedwabe ndi anthu oti sukulu anamaliza bwinobwino.

Ine ndimakana zoti anthu amenewa ndi mbuli kapena ankagona mkalasi. Mukaziyang'anitsitsa zolakwazi mupeza kuti pansi pake pali Chinyanja cholongosoka, munthu waganiza chiganizo chabwino m'chilankhulo chake kenako nkumasintha liwu limodzi limodzi kupititsa ku Chizungu. Sizodabwitsanso, kunyumba ndi Chinyanja, Chinsenga kapena Chitumbuka, ndipo kuyambira 2014 ana a giredi 1 mpaka 4 m'masukulu a boma ankaphunzitsidwa m'chilankhulo cha m'dera lawo, kuno kum'mawa ndiye Chinyanja, Chizungu nkudzatenga malo pa giredi 5. Koma mayeso a giredi 12 a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia, samva zimenezo, ndipo popanda kirediti ya Chizungu ku yunivesite ya UNZA kaya kumakoleji a unamwino ndi uphunzitsi chitseko sichitseguka, nchifukwa chake chaka ndi chaka anthu akuluakulu a ana awo kale amabwerera kukalemba phunziro limodzi lomweli pa GCE, mayeso a anthu oti anachoka kale pasukulu. Ndiye maganizo anga ndi akuti munthu akaona pomwe Chinyanja chimaphatikiza zinthu zomwe Chizungu chimazilekanitsa, malamulo ambiri aja timaloweza mkalasi amayamba kumveka okha.

Tiyambe ndi zakale. M'Chinyanja tili ndi kachidutswa kamodzi kogwira ntchito zambiri, ka -nka- kaja, ndinkapita, tinkalima, ankakhala. Kuno ambiri timakonda kunena kuti "ndinali kupita", "tinali kulima", Ansenga ndi a m'tauni amati "nenze kuyenda", tanthauzo ndi limodzi. Kachidutswa kameneka sikasankha. Kamakwana pa chizolowezi cha zaka zambiri, "agogo ankalima fodya ku Chadiza", komanso kamakwana pa chinthu chomwe chinali mkati mochitika nthawi imodzi chabe, "ndinkaphika pomwe malaiti anazima". Womva amadziwa yekha kuchokera mu nkhaniyo kuti ukunena ziti. Chizungu chimagawa pawiri, choyamba chija ndi "my grandfather used to grow tobacco in Chadiza", chachiwiri ndi "I was cooking when the power went off". Tsono poti "ndinali kupita" ukamutembenuza liwu ndi liwu amatuluka "I was going", mwana amalemba kuti "I was going to school in Katete" pofuna kunena kuti sukulu anaphunzirira ku Katete, pomwe mwini Chizungu akamva chiganizo chimenecho amatchera khutu kudikira kuti upitirize, eya unali pa njira yopita kusukulu, ndiye chinachitika nchani, njinga inaphulika tayala? Chiganizocho kwa iye sichinathe. Cholondola ndi "I used to go to school in Katete" kapena mophweka chabe "I went to school in Katete". Chimodzimodzi "we were having a shop", ameneyu nde wolakwika kawiri chifukwa have wotanthauza kukhala ndi chinthu salandira -ing nkomwe, timati "we used to have a shop" olo "we had a shop".

Manje "used to" amanyamula zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo chachiwiricho ndi chomwe anthu amaiwala. Choyamba, chinthucho chinkachitika kawirikawiri kapena chinakhalapo nthawi yaitali. Chachiwiri, pano chinatha. "Chipata used to be called Fort Jameson", dzina limenelo linapita ndi atsamunda pambuyo pa ufulu wa 1964. "There used to be a bicycle factory in Chipata", fakitale ya Luangwa Industries ija akuluakulu amaikumbukabe. "Parents used to pay school fees", mpaka Januwale 2022 pomwe maphunziro aulere anafika mpaka giredi 12 m'masukulu a boma. "We used to buy bread for thousands of kwacha", tisanachotse maziro atatu pa ndalama yathu mu Januwale 2013 kuti K5,000 isanduke K5. Zonsezi mukuona zikusiyanitsa kale ndi lero. Ndiye samalani naye, -nka- wathu sakakamiza kuti chinthu chinatha, ukhoza kunena kuti "ndinkaimba kwaya kuyambira ndili mwana" uku ukuimbabe mpaka pano, koma ukalemba m'kalata yofunsira ntchito kuti "I used to be hardworking" wawauza abwana kuti masiku ano ndiwe waulesi kkk.

Cholakwa china chofala ndi chija cha "I use to go to church every Sunday", munthu akutanthauza kuti amapita mpaka lero. Mukaganiza bwino nzeru yake ndi yomveka, ife tili ndi awiri oyendera limodzi, ndinkapita wa kale ndi ndimapita wa masiku onse, nde munthu amaganiza kuti akachotsa d pa used wapeza mnzake wa -ma-. Chizungu cha masiku ano chilibe zimenezo, "used to" ali yekha, wa kale basi. Za masiku onse zimanenedwa ndi mneni wamba, uja kusukulu timati verb, popanda chomuwonjezera, "I go to church every Sunday", mukafuna kutsindika ikani usually, "I usually go". Ndipo mwa njira, ndimapita wathuyu nayenso ndi wachinyengo, malinga ndi momwe mwakwezera mawu akhoza kutanthauza zakale, koma polemba kukweza mawuko sikuoneka, choncho osamudalira kwambiri potembenuza.

Pokana ndi pofunsa mpomwe d uja amachokadi. Did akabwera amatenga yekha udindo woonetsa nthawi yakale, mneni nkubwerera mwakale. "I didn't use to like okra", "Did you use to herd cattle?" Khutu silingakuthandizeni apa chifukwa used to ndi use to zimamveka chimodzimodzi, ngati yusta, d samveka olo pang'ono, nde ndi diso lokha lomwe liyenera kuyang'ana ngati pali did kapena palibe. Mukagwiritsa never d amatsala, "I never used to like okra", ndipo ine ndimauza ana kuti akakaikira atenge ameneyu, ndi Chizungu chabwinobwino ndipo palibe wochonga angachidule. Pali kanenedwe kakale kaku Britain ka "I used not to", mukakapeza m'buku musadabwe koma simukufunika kukalemba.

Kanthu kena kakang'ono koma kamadya mamakisi. "Used to" sayenda ndi chiwerengero. Ukangotchula kuti zaka zingati kapena kangati, bwerera ku mneni wakale wamba. "I lived in Lundazi for five years", "she went to Mfuwe three times". Kulemba kuti "I used to live in Lundazi for five years" nkulakwa ngakhale m'Chinyanja "ndinkakhala ku Lundazi zaka zisanu" anthu amanena ndithu.

Nanga would? Ambiri timamudziwa wa if uja, "if I had money I would buy a plot", koma ali ndi ntchito ina yofotokoza zomwe zinkachitika mobwerezabwereza kale, ndipo ndi amene amakometsa kompozishoni. Taonani iyi: "When we were young we used to go to Mtenguleni for Nc'wala. We would wake up before sunrise, my uncle would tie his animal skin on the bicycle, and we would sing all the way." Mwaona kuti "used to" ndi amene watsegula nkhani nkutiuza kuti tili kale, kenako would nkumanyamula zotsatira kuti tisamangoti used to used to chiganizo chilichonse. Umu ndi momwe amayendera, would sangayambe nkhani payekha. Ukangofika pa munthu nkunena kuti "I would play football" iye adikira if, aganiza kuti ukunena kuti ukanasewera mpira chikhala kuti chakuti chinachitika. Pamafunika kaye mawu otikhazika m'nthawi yakale ngati "when I was a boy", "in those days", "every harvest season".

Malire ake enanso ndi awa, ndipo apa mpomwe mafunso a mayeso amakonda kutchera. Would amagwira pa zochita zokha, zinthu zoti zimayamba nkutha nkudzayambanso mawa, kudzuka, kutunga madzi, kuimba, kupita kudimba. Pa mkhalidwe wongokhalapo sagwira, monga kukhala ndi chinthu, kukhala pamalo, kudziwa, kukonda, kukhala wamtali kapena wamfupi. "We would have a shop" sizitanthauza kuti tinali ndi sitolo, "Chipata would be called Fort Jameson" sizikumveka nkomwe, tauni sinkadzuka mmawa uliwonse nkutchedwanso dzinalo mwatsopano. Pamenepo ndi used to basi. Komanso wouldn't musamamutenge ngati "sankachita", nthawi zambiri amatanthauza kukana, "the child wouldn't eat" ndiye kuti mwana ankakana kudya olo amunyengerere. Ine upangiri wanga ndi wosavuta, paliponse pomwe would wa chizolowezi akukwana used to nayenso amakwana, koma si paliponse pomwe used to akukwana pomwe would angalowe, nde ukakaikira mkati mwa mayeso tenga used to upite kutsogolo. Would umusungire kompozishoni yofotokoza za kumudzi kwa agogo.

Tsono pali chisokonezo chachikulu kuposa zonsezi, "I used to wake up early" ndi "I am used to waking up early". Awiriwa ali ngati Aphiri awiri, wina wa ku Vubwi wina wa ku Lundazi, chiwongo chimodzi koma maliro sayenderana. Woyambayo ndi ndinkadzuka mmamawa, pano ndinaleka. Wachiwiriyo ndi ndinazolowera kudzuka mmamawa, sizindivuta, ndipo nkhani yake ndi ya lero. Powazindikira yang'anani kumbuyo kwa used, mukapezako am, is, are, was, were kapena get ndiye kuti ndi wa kuzolowera. Ndipo to wa pamenepo si to uja amatsogolera mneni ngati mu "to eat", ndi to wolozera chinthu ngati mu "go to the market", nchifukwa chake chotsatira chiyenera kukhala dzina la chinthu kapena mneni wovala -ing. "I am used to the heat", "she is used to carrying water". Get ndi wosonyeza kuti kuzolowerako kunabwera pang'onopang'ono, ngati mu 2024 muja chilala chitachepetsa madzi ku Kariba magetsi nkumazima maola ambirimbiri, "we got used to cooking on the mbaula". Wa kuzolowerayu amapita nthawi iliyonse, dzulo, lero, mawa, "you will get used to it". Ndipo it ameneyo musamusiye, ife timangoti "ndinazolowera" chiganizo nkutha, nde anthu amati "I am used", pomwe m'Chizungu chimenecho chimamveka ngati ukunena kuti anthu amakugwiritsa ntchito. Zomwe zikutikumbutsa kuti palinso wachitatu, "a hoe is used to dig", khasu amaligwiritsa ntchito pokumba, ameneyu ndi mneni use wamba, ndipo amatchulidwa ndi z, yuzd.

Tibwere ku kutha. Can ndi wa gulu limodzi ndi will, must, may, should, ndipo gulu limeneli lili ndi mwambo wake, silivala -s, silitsatidwa ndi to, silifuna do pofunsa kapena pokana. "She can sew", osati "she cans" kapena "she can sews" kapena "she can to sew". Kufunsa ndi "can she sew?" basi. Cannot amalembedwa liwu limodzi. Izi ambiri amazidziwa nde sindichedwapo.

Pomwe ndikufuna tichedwe ndi pa "I can be able to". Chiganizo chimenechi chafala kwambiri moti mpaka pa wailesi ndi pamisonkhano chimamveka, ndipo ndikuganiza kuti chimachokera apa. Tatengani liwu loti ndingathe muligawe. Muli -nga- amene payekha akutanthauza kale kuti zitheka, ngati mu ndingabwere, ndingalime, ndiyeno mulinso -tha amene akutanthauzanso zomwezo. M'Chinyanja kubwereza kumeneku nkololedwa, ndi chilankhulo chabwino ndithu, timanenanso kuti "ndikhoza kukwanitsa". Ndiye -nga- amasanduka can, -tha nkusanduka be able to, munthu nkumva kuti wakamba Chizungu cholemera choyenera ofesi. Koma kwa wochonga mayeso ndi chinthu chimodzi chonenedwa kawiri, sankhani mmodzi, "I can work" kapena "I am able to work". Chomwe chimaloledwa ndi "I may be able to", "I should be able to", "I will be able to", chifukwa may, should ndi will akuwonjezera ganizo lina lomwe able alibe.

Ndipo apo mpomwe pali ntchito yeniyeni ya be able to. Can ndi wopunduka, ali ndi maonekedwe awiri okha, can ndi could, alibe wa mtsogolo, alibe woyenda ndi have, alibe woyenda ndi to. Palibe "I will can", palibe "I have could", palibe "I want to can". Mipata yonseyi amatseka ndi be able to: "after this course I will be able to drive", "I have not been able to pay", "I want to be able to read English newspapers". Pa za mawa pali kakusiyana pang'ono, ngati ndi nkhani yopangana chabe can akwana, "I can come tomorrow", koma ngati ndi luso loti pano ulibe udzalipeza mtsogolo ndiye will be able to.

Kankhani kena kongodutsa. Can anachokera ku liwu la Chizungu chakalekale lotanthauza kudziwa, ndiye ife tikamati "amadziwa kusoka", "amadziwa kuyendetsa galimoto" tikuganiza momwe eni akewo ankaganizira kale. Kungoti lero ukafuna kugwiritsa know uyenera kuikapo how, "he knows how to drive", chifukwa "he knows to drive" ndi Chinyanja chachindunji. Ndipo l wa mu could satchulidwa, anangomulowetsamo zaka za m'ma 1500 potengera would ndi should, nde amene amamutchula l ameneyo akuvutika ndi chilembo choti lero chilibe mawu.

Manje tafika povuta penipeni, pomwe olo anthu a madigiri amagwa. Tinaphunzitsidwa kuti could ndi can wa kale, zoona, koma ndi theka chabe la nkhani. Could amanena za luso lomwe munthu anali nalo nthawi imeneyo, osanena kuti analigwiritsa ntchito tsiku lakuti. Ukafuna kunena kuti pa tsiku limodzi, pa vuto limodzi, munthu anachitadi chinthu nkuchikwanitsa, could sagwira, pamafunika was able to kapena managed to. Ife "anatha" amakwana ponse pawiri ndiye kusiyanaku sitikumva m'khutu. Tiyeni titenge za mpira zomwe aliyense amadziwa. "Kalusha Bwalya could score from free kicks", limenelo ndi luso lake la mwendo wamanzere uja, la nthawi yonse yomwe ankasewera. Koma ku Olympics ya 1988 pomwe Zambia inagonjetsa Italy 4-0 iye nkumwetsa zigoli zitatu, imeneyo ndi gemu imodzi, nde "he was able to score three goals against Italy" kapena "he managed to score three goals". Chimodzimodzi usiku wa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, Chipolopolo itatenga chikho cha Africa pogonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8-7, Stoppila Sunzu nkumenya yomaliza ija. Ukalemba kuti "Zambia could beat Ivory Coast" sunanene kuti tinapambana, wangonena kuti mphamvu zinalipo, kapenanso womva aganiza kuti ukulosera gemu yomwe ikubwera. Chomwe chinachitika ndi "Zambia managed to beat Ivory Coast". Funso lodzifunsa ndi limodzi, ndikunena luso lomwe linalipo kapena ndikunena chomwe chinachitikadi kamodzi? Pakati pa awiri aja, managed to amaonetsa kuti panali thukuta, zinali zovuta koma zinatheka, was able to ndi wofatsa, sanena zambiri za kuvutikako.

Chosangalatsa nchakuti pokana vutoli kulibe. Couldn't amagwira ponse, pa luso ndi pa tsiku limodzi lomwe. "My grandmother couldn't read", "we couldn't cross the stream yesterday", zonse zili bwino, ndipo nzomveka, chinthu chikakanika chakanika basi, palibe kusiyanitsa luso ndi kuchita. Palinso kagulu ka aneni komwe could amaloledwa olo pa nthawi imodzi, aja a m'maso, m'khutu, m'mphuno ndi m'mutu, see, hear, smell, taste, feel, understand, remember. "From Kanjala Hill we could see the whole town", "I could hear the drums from Mkaika". Amenewa ndi ongoloweza, ndi ochepa.

Ndiye pali could have, amene ndi akanatha wathu. Mpata unalipo koma sizinachitike. Gemu yomweyo ya 2012 Didier Drogba anaphonya penate mkati mwa mphindi 90, "Drogba could have won the match for Ivory Coast", akanatha koma mpira unapita mmwamba. Apa Chinyanja ndi Chizungu zikugwirizana bwino, akanatha wathu ndi could have ndi amodzi, chongosamala nchakuti mneni wotsatira akhale wa mtundu wachitatu uja, won, gone, eaten, osati "could have went". Ndipo polankhula mwachangu could have amamveka ngati could of, pa Facebook mupeza olo azungu eni ake akulemba choncho, musawatsanzire, nawonso akulakwa.

Could sakhala wa kale nthawi zonse, izi nazonso zimasokoneza ana powerenga komprihenshoni. "It could rain this afternoon" ndi mwina igwa, za lero lomwe. "Could you help me?" ndi pempho la pano pompano, laulemu. Ife ulemu timauika pa inu m'malo mwa iwe ndi pa ka -ko kumapeto, mundithandizeko, mundibwerekeko cholembera, pomwe Chizungu chili ndi you mmodzi yekha wa mwana ndi wa apongozi yemwe, nde ulemu wawo anakauika pa could ndi would. Kunena kwa munthu wamkulu kuti "can you help me" si chipongwe koma "could you help me" ndi kumene kukufanana ndi mundithandizeko. Ndipo poyankha sumabwezera could, umati "yes I can", ukati "yes I could" zimamveka ngati pali koma kutsogolo.

Liwu lina lomwe timalikonda kuno ndi failed. "I failed to come to the funeral", kuchokera ku "ndinalephera kubwera". Galamala yake ilibe vuto, koma kulephera kwathu nthawi zambiri kulibe mlandu, mwina mvula, mwina ya transipoti inasowa, pomwe failed to m'Chizungu amanunkha mlandu, ngati unayenera kuchita koma sunachite. M'lipoti la kuntchito mukalemba kuti "the driver failed to deliver the fertiliser" mwamuloza chala dalaivala, pomwe mwina mlatho unakokoloka. Ngati si vuto lake lembani "could not" kapena "was unable to".

Pa mayeso a giredi 12 ndi GCE zonsezi zimabwera makamaka pa gawo lija la kulembanso chiganizo, amakupatsa chiganizo A nkukuuza kuti uyambe B ndi mawu akuti kapena ugwiritse liwu lakuti popanda kusintha tanthauzo. Mwachitsanzo A akhoza kukhala "My aunt no longer sells groundnuts at Kapata Market", B nkuyamba ndi "My aunt used", apa ukufunika kuona kuti no longer akunena kuti zinatha, nde yankho ndi "My aunt used to sell groundnuts at Kapata Market", ndipo no longer asaonekenso chifukwa used to wamumeza kale. Akakupatsa "He is accustomed to walking long distances" nkuti gwiritsa used, ndi wa kuzolowera uja, "He is used to walking long distances", -ing osamutaya. Msampha womwe umagwira ambiri ndi wa mawu otanthauza chimodzi koma okoka michira yosiyana. Able ndi unable amakoka to ndi mneni wamba, manage nayenso chimodzimodzi, koma capable amakoka of ndi -ing, succeed amakoka in ndi -ing. Choncho "She can run the shop alone" asanduka "She is capable of running the shop alone", ndipo "The driver managed to stop the bus before the Luangwa Bridge" akati gwiritsa succeeded yankho ndi "The driver succeeded in stopping the bus before the Luangwa Bridge". Ana ambiri amalemba "succeeded to stop", tanthauzo analimva bwinobwino koma makisi apita. Ndipo nthawi ya mneni isasinthe, A akakhala wa kale B akhalenso wa kale, "could not" asanduke "was unable to" osati "is unable to", ndipo ngati ochitawo ndi ambiri kumbukirani kuti ndi were.